Amene Sanasunthe Samenyedwa

Katoni inali kale m'manja mwa Chisamba pamene anazindikira kuti sakudziwa poyambira.

"Ungokokolola ndi dzanja zigwere momwemo," anatero bambo ake aang'ono ataima pakhomo. "Zidole sizimva kuwawa."

Tebulo linadzaza chipinda chonse cha kuseri, kungotsala kanjira koti munthu adutse chammbali atakoka mimba. Pamwamba pake panali dziko lathunthu: mapiri awiri a pulasitala, mtsinje wojambula ndi penti, mlatho wa timitengo ta machesi ndi nkhalango ya siponji. Tiasilikali tinalipo pafupifupi zana, kalikonse kotalika ngati chala chaching'ono chitapindidwa. Tofiira tinali titaunjikana pamlatho. Tabuluu, tochepa, tinabisala kuseri kwa phiri. Tepi yoyezera inali chitambasukire pakati pa magulu awiriwo, ndipo madayisi awiri anali pafupi ndi kapu yomwe tiyi anaumiramo.

Linali Lachinayi m'mawa, tsiku lotsatira maliro. Bambo ake a Chisamba anamwalira Lolemba ali chiweramire, akumanga zingwe za nsapato. Moyo wawo wonse anali wopanga mano oikirira. Masana ankaumba mano a anthu, ndipo akaweruka ankaumba tiasilikali ndi zipangizo zomwezo, n'kutipenta ndi kabulashi ka tsitsi lowerengeka. Loweruka lililonse masana ankatimenyanitsa nkhondo ndi mnzawo. Mayi ankakonda kunena kuti m'nyumba muno asilikali ndi ambiri kuposa masupuni.

"Ndikufuna chipinda chino chikhale choyera pofika Loweruka," anapitiriza bambo aang'ono. "Wa lole ndakamba naye kale."

"Lole ikubwera ndi chiyani?"

"Tikambirana mawa tikakhala pansi tonse. Iwe ungolongedza."

Bambo aang'onowo anali wokonza ndi kugulitsa mafiriji akale, munthu wamawu okwera, wosadziwa kukhala pamodzi. Pamaliro ponse ndiwo anathamanga: bokosi, mipando, magalimoto, kulandira alendo. Maso awo anali ofiira ndi tulo, ndipo Chisamba sanafune kulimbana nawo. Anadikira mpaka mapazi awo atamveka akupita, n'kukankhira katoni ija pansi pa tebulo ili yopanda kanthu.

Dzina loti Chisamba analipeza chifukwa chobadwa woyamba, monga mlongo wake anapezera loti Mzime chifukwa chobadwa womaliza. Chisamba ankagwira ntchito yoyeza magazi mumzinda wina, ulendo wa maola asanu ndi limodzi pabasi, ndipo kuntchito anamupatsa masiku mpaka Lamlungu. M'chipinda chimenechi anali asanalowemo zaka zambiri. Ali mwana ankaletsedwa kuthamangamo, atakula analibenso chokachitamo. Bambo ake ankawadziwa ngati munthu wa chitseko chotseka ndi mawu ochepa. Akawafunsa za sukulu ankati, "Mayi ako ati chiyani?" Tsiku limene anawauza kuti banja lake latha, anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumufunsa ngati wadya. Sanawakwiyire kwenikweni. Anangosiya kuwafunsa.

Mayi ake anawapeza kukhitchini akupukuta makapu obwereka, akuwaika m'magulu malinga ndi eni ake.

"Amayi, bambo aang'ono akuti ndilongedze za kuseri zija."

"Awa a maluwa ndi a kutsidya kwa msewu," anatero mayi. "Awiri asweka. Ukawauze bwinobwino."

"Mwandimva koma?"

"Makutu anga sanapite nawo kumanda."

Anatenga kapu ina, anaiyang'ana mkati, n'kuipukutanso. Chichitikireni zovutazi anali asananene mawu opitirira makapu, mipando ndi mabulangete. Anthu ankalankhula za iwo eni ake ali pomwepo, monga achitira ndi wodwala.

Dzuwa lisanafike pamutu kunabwera a Positi. Anali mkulu wa positi ofesi wopuma pantchito, wamtali, wowonda, wa magalasi okhuthala, ndipo ndiwo anasewera ndi malemu zaka makumi awiri ndi chimodzi. Anakhala ndi mayi pabalaza, anamwa tiyi theka, analankhula za mvula. Kenako anatsokomola n'kufunsa ngati angaloledwe kuona tebulo.

Chisamba anawatsogolera. Mzime, yemwe anali atangobwera kokabweza mabenchi, anawatsatira n'kutsamira mphuthu ya chitseko, mikono atapinda. Ntchito yake inali yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo anali ndi nkhope ya munthu wozolowera kuona zolakwa osalankhula.

A Positi anaima kumbali ya tofiira, manja ali kumbuyo.

"Palibe wakhudza?"

"Palibe," anayankha Chisamba.

"Zikomo." Anawerama n'kuyang'ana pamlatho. "Inali nthawi yanga yosuntha. Tinalekeza pamenepa Loweruka. Mlungu wonse ndakhala ndikuganiza posunthira. Ngakhale dzulo kumanda, Mulungu andikhululukire, abusa akulalikira ine mtima unali pamlatho uwu."

Chisamba anafunsa kuti masewerawo amayenda bwanji, makamaka pofuna kuti mkuluyo asaime chete. A Positi anafotokoza pang'onopang'ono. Aliyense ali ndi magulu ake a asilikali. Mumasinthana: uyu asuntha gulu limodzi, uyo asuntha limodzi, mpaka onse atatha, ndiye kuti ndime yatha. Tepi imayeza kutalika kwa ulendo, dayisi imanena ngati chipolopolo chalasa. Gulu likagonja limabwerera m'bokosi.

"Buku la malamulo logula lilipo," anatero, "koma ife tinkatsata ili."

Anakoka kabati ya pansi pa tebulo n'kutulutsa kope lachikuto cholimba, lakuda ndi manja. Zilembo zinali za bambo, zing'onozing'ono, zoima mowongoka ngati mano abwino. Chisamba anawerenga mokweza mzere woyamba.

"M'ndime yoyamba, gulu limene silinasunthe silimenyedwa."

"Limenelo ndiye lamulo lalikulu," anatero a Positi. "Buku logula limalola woyamba kuwombera nthawi yomweyo. Ndiye amene dayisi yamukomera amangotsegula mizinga, mnzake theka la asilikali n'kugwa asanatambasule ndi mwendo womwe. Bambo anu ankati amenewo si masewera, ndi kuzinga nkhuku yomanga miyendo. Munthu ayambe wasuntha, aime pomwe wafuna kuima, kenako mumenye. Anzathu amene timakumana nawo kuholo kamodzi pamwezi anakopera onse. Ena amayesa linachokera m'buku."

"Alembapo tsiku?" anafunsa Mzime ali pakhomo pomwepo.

Tsiku linalipo, chifukwa bambo ankalemba tsiku pachilichonse, ngakhale pabotolo la guluu. Chisamba analiwerenga. Mzime anabwera, anatenga kope n'kudziwerengera yekha, kenako analibweza.

"Ndinali nditakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri dzulo lake," anatero. "Anandipatsa okwera pa akavalo kuti ndipente ndekha. Ndinapenta mwezi wathunthu. Pa tsiku langa lobadwa anati tisewere. Anaponya dayisi, inawakomera, anatsegula mizinga, akavalo anga onse m'bokosi. Sindinagwire n'kamodzi komwe. Ndinatuluka, ndipo sindinabwererenso."

"Ine ndinalipeza lilipo kale lamuloli," anatero a Positi. "Sindinafunse komwe linachokera."

"Sanakuuze?" Chisamba anafunsa mlongo wake.

"Anandiitana kawiri, mwina katatu. Ankangoti, 'Tebulo lilipo.' Ine ndinkati ndili ndi mpira."

Ananena zimenezi mosakweza mawu, ngati akunena za mwana wa eni. Chisamba anatembenukira kukope n'kuwerenga lamulo lachiwiri.

"Amene ali ndi magulu ochepa kuposa mnzake akhoza kupatuka. Agogode tebulo kawiri, anene kuti, 'Dutsani.' Kupatuka si kugonja. Nthawi yake idzabweranso." Anakweza maso. "Ndiye kungokhala osachita kanthu? Zimenezo ndiye ankazithadi."

A Positi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ayi mama. Wopatuka ndiye woopsa. Ukakhala ndi asilikali ochepa n'kusuntha msanga, waulula pomwe uli. Koma ukapatuka, mnzako amakakamizika kusuntha, n'kusunthanso, mpaka zonse za kumtima kwake zili poyera patebulo. Taonani angawa." Analoza tofiira tija. "Bambo anu anandipatukira katatu. Ine n'kumangobwera ngati mbuzi yaona chipata chotsegula. Pano ndaunjikana pamlatho, kobwerera kulibe, ndipo mizinga yake ili kuseri kwa phiri uko ikundiyang'ana."

Anaika kope m'kabati n'kutseka.

"Ndili ndi pempho limodzi. Tebuloli lisiyeni chonchi mpaka Loweruka. Ndidzangosuntha gulu langa, basi. Sindifuna kuti apite ndili ndi nthawi yanga m'manja."

"Loweruka kukubwera lole," anatero Chisamba.

"Ndamva," anayankha a Positi, n'kutuluka chammbali, jekete lawo ataligwira kuti lisakolole nkhalango.

Lachisanu masana anakhala pabalaza anthu anayi. Mipando yobwereka inali itapita, ndipo chipinda chinaoneka chachikulu kuposa kale. Bambo aang'ono anaulambalala mpando wa mkulu wawo n'kukhala pasitulo. Anayamba ndi kuthokoza, anatchula aliyense amene anathandiza pamaliro, kufikira amene anabwereketsa ndowa. Kenako anaika manja pamawondo.

"Tsopano za mawa. Alamu sangakhale okha m'nyumba ya zipinda zinayi. Mawondo awo tonse tikuwadziwa. Akagwa m'bafa adzawatola ndani? Ndiye ine ndaganiza chonchi. Alamu apite kwa mmodzi wa inu. Nyumba isakhale bwinja, akuba angazule ndi mafelemu omwe. Ine ndi mayi anu aang'ono tisamukira muno kuti tiziiyang'anira. Tilankhule mmodzimmodzi. Chisamba, ndiwe wamkulu."

Chisamba anali atakonza yankho kuyambira m'mawa, ndipo linatuluka losalala. Iye amakhala pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, masitepe makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi. Chipinda chogona n'chimodzi. Ntchito yake ndi yosinthana, masiku ena sagona pakhomo.

"Amayi akakwera masitepe amenewo kamodzi, kutsikanso ndi chaka chamawa," anamaliza.

Mzime anati kwake zipinda n'ziwiri, ndipo mkazi wake mwezi wake ndi wamawa. Mwana akabwera, chipinda chinacho n'cha mwana ndi womuthandiza.

"Koma iwe uli pompano," anatero Chisamba. "Mphindi makumi awiri."

"Achemwali, zaka zonsezi wowaperekeza kuchipatala ndine. Mpopi ukaphulika ndine. Inu mumabwera kawiri pachaka ndi keke."

"Ndimabwera akandipatsa tchuthi."

"Ndiye atengeni, muone tchuthi chenicheni."

"Ngati ndi mkazi wako sakufuna, ungonena poyera."

"Inu amene akukanizani ndani? Muli nokhanokha."

Mawu amenewo anagwa pakati pa chipinda n'kukhala pomwepo. Chisamba atatembenuka anaona mayi ake atakhala mowongoka, manja ali pamiyendo, maso ali pakalendala ya pakhoma yomwe inali isanatembenuzidwe. Anazindikira kuti kwa mphindi zingapo iye ndi mlongo wake akhala akukankhirana munthu ngati katundu wosowa pomuika.

"Chabwino, chabwino," anatero bambo aang'ono. "Alamu, ana anu mwawamva. Sankhani. Kwa Chisamba kapena kwa Mzime?"

Mayi anatambasula dzanja n'kugogoda kawiri pakatebulo ka tiyi.

"Dutsani," anatero.

Bambo aang'ono anayang'ana kukhomo, kenako kwa mlamu wawo. "Ndidutse ndipite kuti?"

Mzime anagwira pakamwa n'kuyang'ana pansi.

"Akuti pitirizani inu, bambo aang'ono," anatero Chisamba. "Iwo alankhula nthawi yawo ikabwera."

"Msonkhano wa maliro si masewera."

Bambo aang'ono anasuntha pasitulo paja n'kuyambiranso. Ananena za denga lomwe limadontha kukhonde. Ananena za nyumba ina ya mumsewu womwewo yomwe inakhala yopanda munthu miyezi itatu, anthu n'kuba ndi mawaya a magetsi omwe. Ananena kuti iwo sakufuna kanthu ka m'bale wawo, ngakhale singano. Anafunsanso kuti alamu akuti chiyani.

Mayi anagogodanso kawiri. Ulendo uno sananene mawu.

Kunja kunadutsa wogulitsa matsache akuitanira malonda, mawu ake anakula n'kuzilala. Bambo aang'ono anali munthu woti chete amamuyabwa ngati chitedze. Anapukuta khosi ndi mpango, anaupinda, anaupindanso.

"Akukulitsa msewu," anatero potsiriza, mawu atatsika. "Kwathu kuja. Anapaka kale mtanda wofiira pakhoma la nyumba ndi la shopu. Pakutha pa mwezi uno abwera ndi makina. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu chimodzi, mafiriji khumi ndi anayi, ndi mkazi amene wasiya kudya. Ndafunafuna nyumba, yomwe ndapeza ilibe ndi poimika njinga pomwe." Anaima kaye. "Masabata atatu apitawo ndinabwera kudzawauza akulu anga. Ndinawapeza kuseri kuja, bulashi ili m'manja. Ndinafotokoza zonse, ine munthu wamkulu misozi ili m'maso. Iwo anangoti, 'Ndamva.' N'kupitiriza kupenta chipewa cha kachidole. Mimba imodzi, bere limodzi, n'kungoti, 'Ndamva.'"

Anaphimba nkhope ndi mpango uja. Chisamba anayang'ana mlongo wake, ndipo anaona kuti nayenso samadziwa.

"Tsopano ndi nthawi yanga?" anafunsa mayi.

Mawu awo anali omwe aja a makapu ndi mabulangete, osakwera, osanjenjemera.

"Ine sindikupita kulikonse. Ndinalowa m'nyumba muno ndi mapazi anga ndili mtsikana, ndidzatuluka monga watulukira mwamuna wanga. Chimenecho n'choyamba. Chachiwiri, alamu, za msewu ndikuzidziwa. Akulu anu anandiuza tsiku lomwelo. M'chipinda chakale cha Mzime mwalowamo mlungu uno?"

"Ndi momwe tinaunjika mipando."

"Fungo la penti simunalimve? Mumayesa ankapentera alendo a pamaliro ake?"

Bambo aang'ono anachotsa mpango kumaso.

"Masabata awiri wakhala akutulutsa makatoni, kumata ming'alu, kupenta. Anali asanakuuzeni chifukwa ine ndinali ndisanavomere. Ndinkati mlamu wanga ndi waphokoso, ndipo sindinaname. Iye sankalonjeza chinthu chisanapse." Mayi anasalaza diresi pamawondo. "Chipinda chimenecho n'chanu ndi akazi anu mpaka mudzapeze pokhala. Nyumba ndi yanga, makiyi akhala ndi ine. Tebulo la kuseri lisakhudzidwe."

"Nanga mafiriji?"

"M'nyumba mwanga ayi. Kumbuyo kuli malo. Mangani shedi, manja muli nawo."

Bambo aang'ono anakhala kanthawi akuyang'ana mpando wa mkulu wawo. Kenako anadzuka, anati akamuuze wa lole kuti abwere Lachitatu, ndipo ali pakhomo anamufunsa Mzime ngati akudziwa komwe kumapezeka malata akale abwino. Anatulukira limodzi akukangana za kutalika kwa shedi.

Kukhitchini Chisamba anatenga nsalu n'kuima pafupi ndi mayi ake.

"Mukanangonena poyamba, amayi."

"Ndikananena poyamba ndikanamva bwanji zomwe ana anga akuganiza?"

Chisamba anapukuta mbale imodzi nthawi yaitali.

"Masitepe ako ndawamva," anatero mayi, "zipinda za mlongo wako ndazimva. Palibe wanama. Mbale imeneyo yauma kale."

"Nanga malamulo amenewa munawadziwa bwanji?"

"Zaka makumi awiri ndikulowetsa tiyi. Ndiponso khoma ili n'lopyapyala. Ndikanafuna ndikanawagonjetsa onse awiri, koma ndinali ndi ntchito."

Chisamba anafuna kupepesa, koma mawu amene anabwera anali oti adzayesetsa kubwera mwezi uliwonse. Mayi anati adzabwere akapeza mpata, ndipo keke asavutike nayo chifukwa imawatupitsa m'mimba.

Loweruka a Positi anafika thuu koloko yeniyeni, atavala jekete ndi tayi. Chisamba anali atalongedza kale chikwama chake cha ulendo wa mawa, ndipo analowa nawo m'chipinda chija n'kukhala pakampando ka pakona. Mzime anabwera mochedwerapo, manja ali ndi dzimbiri la malata, n'kuima pakhomo.

A Positi anakhala pampando wawo. Anatenga tepi, anayeza kuchokera pamlatho kufika m'mphepete mwa nkhalango, anayezanso. Kenako ananyamula tiasilikali khumi, kamodzikamodzi, n'kutichotsa pamlatho kutilowetsa m'mitengo. Kamodzi katagwa anakadzutsa n'kukapepesa. Sanawombere. Atamaliza anakhala tsonga, manja ali pamawondo, akuyang'ana mpando wa kutsidya.

Anakhala choncho mwina mphindi ziwiri.

"Basi," anatero. "Ndasuntha. Zikomo kwambiri." Anayamba kukulunga tepi.

"Ndiye abuluuwa angokhala?" anafunsa Mzime.

"Alibe mwini."

Mzime anapukuta manja m'buluku. Anadutsa chammbali, anakoka mpando wa bambo ake n'kukhalapo cham'mphepete, ngati munthu wokwera galimoto ya eni.

"Mundiuze chosuntha ndi chosasuntha."

"Ino ndi ndime yachinayi, mwana wanga," anatero a Positi akutambasulanso tepi. "Chitetezo chinatha kalekale."

"Ndazolowera."

Anawerama kuti aone mizinga ya kuseri kwa phiri, koma nthawi yomweyo anabweza mutu n'kutsinzina. Zenera linali kumbuyo kwa a Positi, ndipo dzuwa la masana linkalowa molunjika, kudutsa paphewa pa mkuluyo, kuwalitsa tebulo lonse n'kukathera m'maso mwa wokhala kutsidya. Mzime anatchinga ndi dzanja. Anasunthira kumanzere, anasunthira kumanja, dzuwa linamutsata.

"Apa munthu amaona bwanji?"

Chisamba anadzuka kuti akatseke katani, koma pazenera panali ndodo yokha ndi mphete zake.

"Katani ndinaichotsa kalekale," anatero mayi ali pakhomo, thireyi ya tiyi ili m'manja. "Anandiuza yekha. Ukatseka, a Positi saona manambala a patepi."

A Positi anatembenuka pampando n'kuyang'ana zenera lija nthawi yaitali, ngati alionera koyamba.

"Ankandiuza kuti mpando uwo amaukonda chifukwa uli pafupi ndi chitseko," anatero.

Mayi anaika thireyi pashelefu, anadutsa kumbuyo kwa Mzime n'kupisa dzanja pansi pa tebulo, pomwe panali msomali. Anatulutsa kachipewa ka mlomo wautali, kofwifwa, kamadonthomadontho a penti yofiira ndi yabuluu. Anakakutumula kawiri padzanja, anamuveka mwana wawo, n'kukokera mlomo wake pansi pang'ono mpaka mthunzi unafika m'maso. Kenako anabwerera kushelefu n'kuyamba kuthira tiyi, kuyambira kapu ya mlendo.